Woyeza nkhalango awerengenso manda ndi zitsime

Mu Disembala 2022 mayiko anasonkhana ku Montreal, m'dziko la Canada, ndipo anapangana kuti pofika chaka cha 2030 magawo 30 mwa magawo 100 alionse a mtunda ndi nyanja akhale otetezedwa. Malawi ali nawo m'pangano limeneli. Pamwamba pa izi pabweranso malonda a kaboni, momwe anthu amalipidwa posunga mitengo imene imayamwa mpweya woipa, amene achititsa kuti nkhalango yongoima chiimire ikhale ndi mtengo wake m'madola. Choncho zaka zikubwerazi tiona anthu ochuluka ovala jombo, kachipangizo kolozera malo ka GPS kali m'manja, akuzungulira mapiri, madambo ndi tinkhalango tomwe tatsala, kufunafuna malo oti awonjezere ku mapaki ndi ku nkhalango za boma.

Munthu amene amatumidwa kukayeza malo otere, katswiri wa zachilengedwe, sitimumva pa wailesi, ndipo tsiku lotsegulira paki sakhala pa mpando wakutsogolo. Komatu mzere umene iye wajambula pa mapu lero ndi umene mawa umasanduka waya wamagetsi. Lipoti lake ndilo limagamula kuti chitsime ichi chigwera mkati, munda uwo utsala kunja. N'chifukwa chake ine ndikuti ntchito ya munthu ameneyu tiikonzenso. Awerenge mitengo ndi nyama monga achitira kale, koma khama lomwelo alionetsenso powerenga manda, zitsime, njira ndi udzu wofolera. Ndipo akhale ndi mphamvu yonena kuti "pano ayi" kapena "dikirani kaye" popanda kuopa kuti ntchito imuthera.

Ntchito yakeyo njolemetsa, ndipo ndimailemekeza. Amalambula mizere yowongoka m'thengo n'kuiyenda wapansi, akulemba chilichonse chimene wakumana nacho: ndowe za njovu, mapazi a njati, msampha wawaya, chitsa chatsopano, uvuni wa makala. Amayeza kunenepa kwa mitengo pa msinkhu wa pachifuwa kuti adziwe kuchuluka kwa matabwa ndi kaboni. Amasiyanitsa mombo ndi tsamba, tsanya ndi mlombwa, ndipo chomera chimene chamuzunguza mutu amachipanikiza pakati pa mapepala n'kupita nacho ku National Herbarium ku Zomba. Amamangirira makamera m'mitengo kuti ajambule nyama zoyenda usiku. Nyama zikuluzikulu amaziwerengera m'ndege masamba atayoyoka. Amayerekeza zithunzi za satelayiti zakale ndi zatsopano kuti aone pamene nkhalango yadyeka, ndipo amafuna kudziwa ngati mtsinje umafika nawo madzi mu Okutobala kapena umaphwa mu Ogasiti. Achinyamata athu ochokera ku koleji ya zankhalango ndi nyama zakutchire ku Dedza, ku Mzuzu University ndi ku Bunda zimenezi amazidziwa bwino.

Pamene pamavuta ndi pa nyengo. Kafukufuku wambiri amachitika m'chilimwe, misewu ikupitika ndipo udzu utapsa. Koma nkhalango imasunga anthu makamaka m'dzinja, nkhokwe zitauma. Masuku amagwa kumayambiriro kwa mvula. Bowa amamera mvula ikakhazikika, ndipo amayi amene mumawaona ndi mabeseni m'mphepete mwa msewu ku Machinga kapena ku Mzimba, ndalama ya bowayo ndi imene amagulira ufa mu Januwale. Mphalabungu nazo ndi za nyengo ya mvula. Tsono amene wafika mu Seputembala apeza thengo lili zii, ndipo alemba ndi mtima woona kuti malowo anthu sawagwiritsa ntchito kwenikweni. Munthuyo sananame, wangofika mwezi wolakwika. Lipoti la malo amene ayenderedwa nyengo imodzi yokha, boma lisamalilandire.

Nanga amene amafunsidwa ndani? Msonkhano umaitanidwa kudzera kwa a gulupu. Abambo akuluakulu akhala pa mipando, amayi akhala pansi chakumbuyo. Pakatha maola angapo anthu asaina pepala la obwera, ndipo lipoti lidzanena kuti eni dera anafunsidwa. Koma kwa Achewa, Ayao, Alomwe ndi Amang'anja ambiri, munda umayenda ndi mbumba. Bambo amene akuyankha mafunso mwaulemuyo mwina ndi mkamwini wobwera dzana. Amene akudziwa kumene kuli dothi loumbira mbiya, kumene amadula mlaza wolukira mikeka, ndi kasupe amene saphwa ngakhale chaka cha chilala, ndi agogo aakazi amene angokhala chete kumbuyo kuja. Akapanda kuwatsatira kumtondo kapena kudimba n'kuwafunsa paokha, katswiriyo abwerera ndi theka la nkhani.

Palinso zinthu zimene mudzi suuza mlendo tsiku loyamba. Dambwe salozera munthu wosavinidwa. Malo a ndagala satchulidwa pamsonkhano wa amuna ndi akazi. Manda akale a mudzi umene unasamuka zaka makumi angapo zapitazo sakhala ndi chiliza, amangokhala kathengo kowirira, koma eni ake amapadziwa, ndipo tsiku limene waya adzawatsekereza adzamudula. Zotere amazimva munthu amene wagona m'mudzimo, wadya nawo nsima, ndipo akuyenda ndi mwana wa pamudzipo amene akulipidwa ngati mnzake pantchito.

Sindikulota ayi. Mbiri yathu yomwe ikutiphunzitsa. Paki ya Nyika inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo mu 1978 boma linaikuza mpaka inapitirira masikweya kilomita 3,000. Zifukwa zake zinali zomveka, chifukwa mitsinje yambiri ya kumpoto imayambira pa phiri limeneli. Koma m'malo owonjezerawo munali anthu, ambiri a iwo Aphoka, ndipo zikwi zingapo anasamutsidwa. Ena anatsitsidwa kuchoka kumapiri kozizira kupita kumalo otsika, otentha, kumene malungo ndi ochuluka. Anasiya manda a makolo awo, ndipo malo opatulika ngati nyanja yaing'ono ya Kaulime anakhala mkati mwa paki. Inali nthawi ya chipani chimodzi, munthu sakanatsegula pakamwa. Padutsa zaka zoposa 40, koma nkhani ya malo kuzungulira Nyika ndi malo osungira nyama a Vwaza sinazizirebe, ndipo ogwira ntchito m'mapaki amenewa lero akusenza mkwiyo umene anaubzala ndi anthu ena. Ndikaganiza za agogo amene anamwalira asanaonenso pamene panali mudzi wawo, mtima umandiwawa.

Patangopita zaka ziwiri, mu 1980, boma linakhazikitsa paki ya Lake Malawi pofuna kuteteza nsomba za mbuna, ndipo mu 1984 UNESCO, nthambi ya United Nations, inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Kumeneku zinayenda mosiyana. Midzi ya asodzi monga Chembe ndi Msaka inasiyidwa pamalo pake, malire anaizungulira, ndipo pamadzi chitetezo chinangofika mamita 100 kuchokera kugombe. Anthu sanathamangitsidwe, ndipo chimenecho n'choyamika. Koma Chembe wa lero si Chembe wa 1980. Mudzi wakula, ndipo nkhuni zophikira ndi zowambira nsomba zimachokerabe m'mapiri a paki omwewo. Apa woyeza aphunzirepo kuti kuwerenga anthu amene alipo lero sikokwanira. Afunsenso kuti adzukulu awo adzaphikira chiyani.

Chitsanzo chimene chikadali chachiwisi ndi cha Kasungu. Si malo atsopano, koma funso lake ndi lomweli. Mu Julayi 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku paki ya Kasungu. Mwa masamu a zachilengedwe zinali zoona: ku Liwonde njovu zinachuluka, pamene Kasungu, paki ya masikweya kilomita oposa 2,000 imene m'ma 1970 inali ndi njovu zoposa 1,000, inatsala ndi makumi ochepa chabe chifukwa cha opha nyama mozemba. Malo analipo, chakudya chinalipo. Koma njovu zinafika waya asanathe kumangidwa, ndipo pakiyi imagundana ndi malire a Zambia. Chitsatireni, nyuzipepala zalemba za anthu ophedwa ndi njovu mbali zonse ziwiri za malire, ndi za minda ndi nkhokwe zophwasulidwa. Funso loti "kodi thengo ili lingasunge njovu zingati" linayankhidwa. Funso loti "kodi mayi wolima chimanga pafupi ndi malire adzagona bwanji" linafunika kuyankhidwa ndi kulemera komweko, galimoto yoyamba isananyamuke ku Liwonde.

Ndikudziwa chimene anzanga okonda chilengedwe anene, ndipo mawu awo ndi olemera. Adzati nthawi yatha. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni. Wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, pa nthaka yomweyo. Phiri la Ndirande linali ndi nkhalango, lero ndi lometedwa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchoka pa phiri la Soche n'kukwirira anthu ku Chilobwe, ndipo tonse tinaona chimene chimachitika anthu akamanga m'mapiri opanda mitengo. Ku Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira, kumene madzi a mzinda wonse amadalira, zinafika poti boma litumize asilikali mu 2015 kukathamangitsa ootcha makala. Adzati mukadikira kuti aliyense avomere, mudzapeza zitsa zokhazokha. Adzakulozeraninso Majete, kumene njovu zinatheratu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, koma bungwe la African Parks litayamba kuyendetsa malowo mu 2003 ndi kumanga waya, kunabwerera zipembere, njovu ndi mikango.

Zonsezi ndikuvomereza. Inenso ndikufuna malo otetezedwa achuluke. Pamene nkhalango ya Mangochi inaphatikizidwa m'kayendetsedwe ka paki ya Liwonde mu 2018, ndinakondwa, chifukwa njovu sizidziwa malire a pa pepala ndipo zakhala zikuyenda pakati pa malo awiriwa kuyambira kale. Koma mfundo ya changu ili ndi bowo. Miyezi imene mwapulumutsa polumpha anthu mumadzailipira kwa zaka zambiri: waya wodulidwa usiku n'kusanduka misampha, moto woyatsidwa dala, milandu kukhoti, mlonda wa paki wovulazidwa, mnyamata wa m'mudzi wowomberedwa. Ndipo Majete yemweyo sanaime ndi waya yekha. Anthu ozungulira analembedwa ntchito, ana analipiriridwa sukulu, alimi a njuchi anathandizidwa, ndipo midzi imaloledwa kulowa kukamweta udzu pa nyengo yake. Ku Kasungu nako, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, nthambi yoona za mapaki inayamba kulola anthu kupachika ming'oma ya njuchi ndi kutola mphalabungu m'paki. Mapangano otere amatheka pokhapokha wina atalemba poyambirira kuti anthu amatengamo chiyani, mwezi uti, mochuluka bwanji. Wolemba zimenezo ndi katswiri yemwe uja.

Pali chinthu china chimene ndimafuna oyeza malo atachiona ndi maso atsopano. Yendani pa msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji kapena ku Kasungu. Minda ya chimanga ndi fodya yadya thengo lonse, koma apa ndi apo muona kagulu ka mitengo ikuluikulu yachilengedwe, yowirira, yobiriwira. Amenewo ndi manda. Palibe mlonda wa boma, palibe waya, palibe chikwangwani choopseza ndi faindi, koma nkhwangwa siifika. Ku Nsanje, nkhalango ya Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona, yasungidwa ndi mwambo kwa mibadwo yambiri m'dera limene mitengo ndi yosowa. Katswiri akapeza malo otere asangolemba kuti ndi za chikhalidwe n'kupitirira. Umenewu ndi umboni wa sayansi yake yomwe. Ukumuuza mitundu ya mitengo imene inali m'deralo kale, ukumupatsa mbewu zobwezeretsera nkhalango, ndiponso ukumusonyeza kuti pamudzipo pali lamulo limene anthu amalimverabe. Pamene pali lamulo lotero pali poyambira.

Ndiye woyeza asapite kuthengo ndi yankho limodzi m'thumba. Malo ena ndi oyeneradi kukhala paki yokhala ndi waya ndi alonda amfuti, makamaka kumene kuli njovu ndi zipembere. Ena angasungike bwino ngati nkhalango ya mudzi. Lamulo la zankhalango la 1997 limalola zimenezi, ndipo midzi yambiri ili kale ndi makomiti oyang'anira zachilengedwe. Madambo aakulu ali ndi njira yawonso: nyanja ya Chilwa ndi Elephant Marsh ndi malo odziwika pansi pa pangano la Ramsar, la mayiko loteteza madambo, koma asodzi ndi alimi akadali momwemo. Pangano la ku Montreal lija nalo limavomereza njira zina zosungira malo kupatula mapaki, ndipo limanena poyera kuti ufulu wa eni dera ulemekezedwe. Katswiri amene wabwerako n'kunena kuti "phiri ili lisungidwe, koma alisunge ndi eni ake, boma liwathandize" wagwira ntchito yake mokwanira.

Kuti anene zotero afunika ufulu, ndipo apa ndi pamene ndikuda nkhawa kwambiri. Kawirikawiri amene amalipira kafukufuku ndi yemwe akufuna malowo. Ndalama za mabungwe akunja zimabwera ndi tsiku lothera, ndipo nthawi zina chiganizo chimakhala chitapangidwa kale m'maofesi, woyeza akungotumidwa kukatola zifukwa. Mnyamata kapena mtsikana amene wangoyamba kumene ntchito, wa kontrakiti ya miyezi yochepa, angalimbe mtima bwanji kulemba kuti malire asunthidwe chifukwa cha chitsime cha midzi itatu? Akudziwa kuti akatero ulendo wina sadzaitanidwanso. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziyambe zaunikidwa mmene zingakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo linakhazikitsa bungwe la MEPA kuti liziona malipoti otere. Ndi poyambira pabwino. Chofunika n'chakuti kukulitsa malo otetezedwa kuzidutsa pa sefa yomweyo mosanyengerera. Ntchito ikatchedwa yoteteza chilengedwe, tisaganize kuti singapweteke munthu.

Chitetezo chachikulu cha woyeza woona mtima ndi kuika lipoti lake poyera. Lero malipoti otere amalembedwa m'Chingerezi, masamba mazanamazana, n'kukasungidwa ku Lilongwe. Mwini munda amene akukhudzidwa sadzaliona mpaka kalekale. Chivuta n'chiyani kulifupikitsa m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena m'Chisena, kuliwerenga pa wailesi ya m'dera, ndi kukhoma mapu ake pa bwalo la mfumu yaikulu ndi pasukulu, malire asanasindikizidwe m'gazeti ya boma? Anthu akaona mapu adzaloza okha kuti apa mwaiwala njira yopita kuchigayo, apa mwadula dambo la ng'ombe pakati. Kukonza mzere pa pepala ndi ntchito ya tsiku limodzi. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo gawo 44 la malamulo aakulu a dziko lino limati katundu wa munthu angalandidwe pokhapokha pali phindu la anthu onse, mwini wake wadziwitsidwa mokwanira, ndipo walipidwa moyenera. Malo a makolo ndi katundu, ngakhale alibe chikalata.

Lipotilo likhalenso ndi tsamba la mtengo wake, lolembedwa mosabisa. Waya adzatalika makilomita angati, adzamumanga ndani, ndipo akadzatha zaka zisanu adzamukonza ndi ndalama ziti? Mabanja angati adzataya kotola nkhuni, ndipo adzapatsidwa chiyani m'malo mwake? Njovu ikadya munda, mwini wake adzapita kwa yani? Funso lomalizali ndi lowawa, chifukwa mlimi amene mbewu zake zadyedwa ndi nyama za boma kawirikawiri sapatsidwa chipukuta misozi. Phindu la paki timagawana tonse, mvula, madzi, ndalama za alendo, koma zowawa zake zimagwera midzi yochepa ya m'malire, imene nthawi zambiri ndi yosaukitsitsa. Woyeza amene walemba phindu lokha wasiya ntchito pakati.

Komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chilengedwe ili ndi mphamvu yoitanitsa mapepala. Ndikupempha aphungu a m'komiti imeneyi, makamaka ochokera ku Rumphi, Kasungu, Nkhotakota, Machinga, Mangochi ndi Chikwawa, kumene anthu awo amagona moyandikana ndi nyama, kuti malo alionse atsopano asanalengezedwe aziitanitsa lipoti la woyeza, aone ngati anayendera malowo m'chilimwe ndi m'dzinja momwe, ngati amayi anafunsidwa paokha, ndiponso ngati ndalama za waya zilipo nyama zisanabwere. Akatero amuitane katswiriyo adzalankhule yekha pamaso pawo, abwana ake ali panja.